Malikisi ndi Nthungululu

Kwathu kwa Mlolo madzi timawadziwa m'njira ziwiri. Pali madzi a mu Ruo ndi mu Shire amene amatipatsa nsomba ndi chinyezi cha kudimba, ndiye pali madzi omwewo akakwiya, amene amabwera usiku nkutilanda mbuzi, nkhokwe ndi nyumba. Za madzi oti munthu nkuimapo, kuthamangapo ngakhale kuvinapo, zimenezo tinkangozimva kutchalitchi pa nkhani ya Yesu ndi Petulo. Madzi oundana amene ine ndinkawadziwa ndili mwana anali mafirizesi ogulitsa pamsika, ndipo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa kuno likafika pamutu, firizesi amasungunuka usanamalize kuwerenga chenje. Nchifukwa chake anzanga amaseka akamva kuti ine, mwana wa kuno, ndakhala zaka zoposa makumi awiri ndikutsatira mipikisano ya gule wovina pa madzi oundana pamodzi ndi gule wa ballet.

Zinayamba mwangozi m'chaka cha 1999. Pamalo ena ochitira malonda kufupi ndi kwathu panali nyumba yoonetsera kanema, ya jenereta, mabenchi ndi chinsalu chakuda pakhomo. Tsiku limenelo tinalipira kuti tione filimu ya karate, koma tepiyo inali yochita kujambula pa wailesi ya kanema ku Joni, ndipo karateyo atatha panatulukira zina. Tinangoona bwalo loyera mbee, lonyezimira, ndi mtsikana wakuda ngati ife akuuluka pamenepo atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake. Anyamata anayamba kukuwa kuti mwini kanema aike filimu ina. Asanafike pa makinawo, mtsikana uja anathamanga chambuyo, nkudziponya m'mwamba mutu pansi miyendo kumwamba, nkutera ndi mwendo umodzi, nkupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. M'nyumba monse munakhala zii, kenaka wina anaimba mluzu.

Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa bwino chimene ndinaona. Mtsikanayo anali Surya Bonaly wa ku France, ndipo mpikisanowo unali wa Olympics wa ku Nagano, m'dziko la Japan, m'chaka cha 1998. Iyeyu anakhala katswiri wa ku Ulaya konse kasanu motsatizana, kuyambira 1991 mpaka 1995, koma pa mpikisano wa dziko lonse ankangothera pa nambala yachiwiri, katatu konse. Mu 1994 atagonja ndi voti imodzi yokha kwa Yuka Sato, anavula mendulo ya siliva imene anamuveka m'khosi, misozi ili chuchuchu. Ku Nagano anapita ndi mwendo umene unavulala mtsempha wa kuchidendene mu 1996, ndipo tsiku limenelo anali atagwapo kale. Kupidiguka chagada kuja kunali koletsedwa pa mipikisano kuchokera m'zaka za m'ma 1970. Iye ankadziwa zimenezo. Oweruza anamudula malikisi, ndipo anathera pa nambala 10.

Mawa lake ndinakokera atsibweni anga kunyumba ya kanema kuja, nditanyengerera mwini wake ndi ndalama yanga yogulira makope. Atsibweniwo pa unyamata wao anali munthu wodziwika pa likhuba, gule wa Asena amene amuna amaonetseramo mphamvu, kudumpha ndi kupidiguka ng'oma zikulira. Ndinkafuna ndione nkhope yao. Anaonerera mwakachetechete, chipewa chili pabondo, ndipo mtsikana uja atatera ndi mwendo umodzi anangoti, "Bwezanso." Tinabweza katatu. Kenaka pa kanemapo panabwera mzere wa manambala.

"Zimenezo nchiyani, mphwanga?"

"Malikisi, atsibweni. Akuti chimene wachitacho ncholetsedwa, ndiye amudula."

"Akuti ndani?"

"Oweruza. Alipo asanu ndi anayi, akhala pamipando m'mbali mwa bwalo."

Anakhala chete pang'ono, nkufunsa ngati anthu a pamipandowo anayamba apidigukapo chiyambire. Ndinati sindinawaone akutero. Anavala chipewa chao nkutuluka, ndipo panjira anandiuza kuti mwana ameneyo akanavina pabwalo la kwathu akanabwerera kwao ndi nsalu yodzaza ndalama zomufupa.

Kuyambira pamenepo ndinagwidwa. Wailesi ya kanema ya dziko lino inali itangoyamba kumene chaka chomwecho, ndipo zoterezi simukanaziyembekezera pamenepo, choncho ndinkadalira matepi ndi madisiki amene ndinkatola pa kaunjika wa mafilimu m'misika ya ku Limbe ndikapita kumeneko. Ambiri ogulitsawo sankadziwa nkomwe zimene zinali m'katimo. Umo ndi mmene ndinapezera Jayne Torvill ndi Christopher Dean a ku Britain akuvina nyimbo ya Boléro ku Sarajevo mu 1984. Nyimbo imeneyi, imene anapeka Maurice Ravel, ili ndi kang'oma kakang'ono kamene sikasintha mayendedwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kungoti phokoso limanka likulirakulira, ndipo munthu wokulira pa ng'oma za kuno saimva ngati yachilendo. Awiriwo anayamba atagwada pa madzi oundanawo, nkumaliza atadzigwetsa pansi, ndipo oweruza onse asanu ndi anayi anawapatsa 6.0 pa luso la kavinidwe, malikisi apamwamba amene analipo nthawi imeneyo. Apo ndiye ndinagwirizana nao oweruza, ndisabise.

Ballet inabwera pambuyo, ndipo poyamba sinandikomere. Ndinkaona ngati anthu akuyenda monyang'ama poopa kudzutsa mwana. Chinandisintha maganizo ndi Swan Lake, gule wa nyimbo za Tchaikovsky amene anaonetsedwa koyamba ku Moscow mu 1877. Nthano yake ndi yoti mfiti inasandutsa atsikana kukhala mbalame zam'madzi, ndipo amabwerera ku umunthu usiku wokha. Agogo anga akanaimva nthano imeneyi sakanafunsa funso ngakhale limodzi. Mbalame yeniyeniyo kuno kulibe, koma amene anaonapo akakowa atandandalika m'dambo la Elephant Marsh m'mamawa, makosi atapindika, wina ataima ndi mwendo umodzi, angamvetse chimene atsikana ovala zoyera aja amayesa kuchita ndi mikono yao. Mkati mwa gule ameneyu muli malo amene wovina wamkulu amazungulira ka 32 pa nsonga ya phazi limodzi osapuma, mwendo winawo ukukwapula mphepo. Anayambitsa zimenezi mu Swan Lake ndi Pierina Legnani wa ku Italy mu 1895 ku St Petersburg, ndipo mpaka lero oonerera amawerenga chamumtima. Inenso ndimawerenga, ngakhale ndimadzinyoza potero, chifukwa ndikatanganidwa ndi kuwerenga ndimaiwala kuyang'ana nkhope ya wovinayo.

Chimene chinandikoka kwambiri nditachidziwa ndi chinsinsi cha chizungulire. Wovina ballet amasankha malo amodzi patsogolo pake nkuwayang'anitsitsa, thupi likuzungulira mutu utatsalira, kenaka mutu nkutembenuka mwachangu kukapezanso malo omwewo. Wa pa madzi oundana sangathe kutero chifukwa liwiro lake nlalikulu kwambiri. Iye amangozoloweza thupi, ndipo akafuna kuonjezera liwiro amakokera manja pachifuwa. Ndinayesapo zonsezi kuseri kwa nyumba pa dothi louma. Azakhali anga, amene ankapeta mpunga chapafupi, anandifunsa ngati ndayamba kumwa kachasu.

Azakhaliwa ndi amene ankatsogolera utse m'mudzi mwathu, gule wa amayi ndi atsikana amene chiuno ndi mapazi zimayankhana ndi ng'oma mothamanga. Chaka china atsikana amene iwo anawaphunzitsa analowa mpikisano wa magule a makolo wa masukulu a m'dera lathu. Ndinalipo. Anavina mpaka woimba ng'oma mmodzi anachita kusinthana ndi mnzake, ndipo amayi oonerera analowa m'bwalo kukawapukuta thukuta ndi nsalu zao. Koma panali tebulo, panali anthu atatu a zolembera, ndipo pepala lao linali ndi malo a malikisi a yunifolomu, a kalowedwe ndi katulukidwe m'bwalo, ndi a kusunga nthawi. Atsikana athu anavala nsalu zosiyanasiyana, aliyense yobwereka kwa amake, ndiponso anapitirira mphindi zimene anapatsidwa chifukwa nthungululu sizinawalole kusiya. Anakhala achinayi. Gulu limene linapambana linavina bwino ndithu, sindikulinyoza, koma palibe mayi amene anadzuka pamalo pake.

Tsiku limenelo ndinakumbukira Nagano. Komabe ndikanama ndikanati malikisi ndimadana nao, poti ndine munthu amene amagona mochedwa kudikira manambala a anthu amene sadzandidziwa. Mpikisano wopanda woweruza suvuta kusanduka ndewu, ndipo nthungululu nazo zili ndi tsankho lake, popeza mayi aliyense amaimbira mwana wake. Ngakhale eni ake a gule wa pa madzi oundanayu anafika potopa ndi oweruza ao. Ku Salt Lake City mu 2002 kunabuka mkangano pamene Elena Berezhnaya ndi Anton Sikharulidze a ku Russia anapatsidwa golide patsogolo pa Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada, ndipo zitamveka kuti woweruza wina anakakamizidwa, magulu onse awiri anapatsidwa golide. Pofika 2004 dongosolo la 6.0 linathetsedwa, nkubwera lina limene kudumpha kulikonse kuli ndi mtengo wake ngati katundu wa m'golosale. Chilungamo chinaonjezerekako, ndikuvomera. Koma masiku ano ndikamaonerera pa foni ndimaona achinyamata ambiri akuvina ngati akuwerengera ndalama m'mutu, kuthamangira kuzungulira kanayi m'mwamba, nyimbo nkumangolira payokha ngati wailesi ya kwa aneba.

Sindinaonepo ballet ndi maso anga m'nyumba yochitira zisudzo, ndipo phazi langa silinapondepo madzi oundana. Ena amati nchifukwa chake chikondi changachi nchopanda pake, chofanana ndi kusirira nsima ya pachithunzi. Mu 2020 ndinawaonetsa kanema wa Anthony Madu, mnyamata wa zaka 11 wa ku Lagos, akuzungulira opanda nsapato pa simenti yonyowa mvula ikugwa. Anati ameneyo ndi wa ku Nigeria, kumene kuli chilichonse. Sindinawayankhe, chifukwa simenti yonyowa ija inandikumbutsa zina zimene zinachitika kwathu konkuno.

Mu Januwale 2015 Ruo unasiya njira yake nkudula dera la Makhanga, ndipo anthu ambiri a kwa Mlolo tinapezeka tili m'misasa kumtunda. Bwalo la m'mudzi mwathu, limene mapazi a mibadwo ingapo analiumitsa ngati mwala, linakwiririka ndi mchenga. Kumsasako kunali matope okhaokha, oterera moti ana ankagwa popita kukalandira ufa. Madzulo ena, patatha pafupifupi milungu itatu, mnyamata wina anayamba kuimba chigubu chopanda madzi. Azakhali anga, amene anali atataya mbuzi zonse ndi mpunga wa chaka chonse, anamanga nsalu m'chiuno nkulowa pakati. Sanathe kuponda mwamphamvu monga amachitira pa dothi louma, choncho anayamba kukhwekhwereza mapazi, kulola matope awatengeko pang'ono kenaka nkudzigwira. Anaterereka kamodzi nkugwa chokhala. Anthu asanayambe kuseka anali atadzuka kale, ndipo anadzukira pa kugunda kwenikweni kwa chigubucho, moti amene anafika mochedwa anaganiza kuti kugwako kunali mbali ya gule. Pa mipikisano ya masiku ano wovina wamkulu akagwa amachotseredwa poyinti imodzi nthawi yomweyo. Azakhaliwo amayi anzao anawafupa ndi kapu ya nyemba za chithandizo.

M'chaka cha 2024 bungwe loyendetsa masewerawa la International Skating Union linachotsa chiletso cha kupidiguka chagada. Nditawerenga nkhaniyi ndinapita kwa atsibweni aja, amene tsopano amayenda ndi ndodo ndipo amakhala pansi pa mtengo wa nimu tsiku lonse. Ndinawaonetsa pa foni anyamata a masiku ano akupidiguka pa mpikisano popanda wowadula malikisi, kenaka ndinawapezera kanema wakale uja wa ku Nagano. Anaugwira foniyo patali ndi maso, nkumuzindikira mtsikanayo nthawi yomweyo.

"Ndiye amubwezera malikisi ake aja?"

"Ayi, atsibweni. Zakale sasintha. Akadali nambala 10."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Anasamukira ku America, ndipo wakhala akuphunzitsa ana."

Anagwedeza mutu, nkundiuza kuti ndibwezenso pamene akutera. Ndinabweza. Ndinaona chala chao chachikulu cha kuphazi chikukanda dothi pa nthawi yomwe chitsulo chija chinakhudza madzi oundana. Kenaka anandibwezera foni nkundituma kuti ndikaone ngati mbuzi zalowa m'munda mwa eni ake.