Pa Njinga M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'maiko a kutali, monga ku America ndi ku Ulaya, mwabuka khalidwe limene ife a kuno tikalimva tingathe kuseka. Anthu a m'mizinda ikuluikulu, atatopa ndi phokoso ndiponso ngozi za magalimoto, akugula njinga zopalasa za mtundu wina, za matayala onenepa pang'ono ndi magiya ambiri, zimene iwo amazitcha gravel bike, ndiko kunena kuti njinga ya pa msewu wa miyala ndi fumbi. Loweruka likafika amatuluka kukafunafuna tinjira topanda galimoto m'nkhalango zosungidwa za m'mphepete mwa mizinda yawo. Ku Emporia, m'dera la Kansas, kuli mpikisano wa mamailosi 200 pa misewu ya fumbi umene unayamba m'chaka cha 2006, ndipo m'chaka cha 2022 ku Italy kunachitika mpikisano woyamba wa dziko lonse wa njinga zoterezi. Tsono chimene anzathuwo akuchifuna ndi ndalama zambiri, ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tinabadwira m'menemo, ndipo tichipeputsa chifukwa tachizolowera.

Aliyense amene anapalasapo njinga pa msewu waukulu wa M1, pakati pa Mponela ndi Madisi, adziwa m'mene mtima umathamangira galimoto lalikulu likamalira kumbuyo. Phula ndi losalala ndithu, koma wa njinga sakhalapo ndi ufulu. Amayenda m'mphepete ngati mlendo wosaitanidwa, ndipo ngati wasenza thumba la chimanga pa kaliyala, mphepo yokha ya galimoto ikhoza kumugwetsera m'ngalande. Ife aphunzitsi timagwira mtima m'manja tikaona ana atakwerana awiri kapena atatu pa msewu wotere. Koma mukangopatuka ndi kulowa chakum'mawa, kumene mapiri ayambira, phokoso lonse limatsala m'mbuyo, ndipo mumamva kulira kwa tcheni chanu ndi njiwa za m'minda basi.

Wofuna kuliona bwino dziko limeneli ayambire ku Mvera, pafupi ndi msewu wopita ku Salima, m'dziko la Mfumu Chiwere, kumene Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anakhazikitsa misyoni m'chaka cha 1889. Pa nthawi imeneyo kunalibe msewu, koma njira zinalipo kale, zopondedwa ndi mapazi a anthu opita ku nyanja kukagula nsomba ndi opita ku midzi ina kukaona abale. Njira yopangidwa ndi mapazi ili ndi nzeru yake. Siilimbana ndi phiri, koma ilizungulira. Ikonda kutsata msana wa chitunda kumene madzi sakhalitsa, ndipo itsikira ku mtsinje pa malo okhawo pamene pali mwala wopondapo. Ndi chifukwa chake njinga imayenda mokoma m'tinjira takaleti.

Kuchokera ku Mvera kupita cha ku boma la Dowa ndi chikweza chokhachokha. Kufupi ndi bomalo kuli phiri la Kongwe, m'dziko la Mfumu Msakambewa, kumene Mbusa Robert Blake anayamba ntchito m'chaka cha 1894, ndipo sukulu ya sekondale ya pamenepo itchedwa ndi dzina lake mpaka lero. M'chigawo chimenechi ndimo wa njinga amaphunzira kuwerenga nthaka monga mwana aphunzira kuwerenga buku. Dothi lofiira la katondo likauma ndi bwenzi lenileni, pakuti limalimba ngati pansi pa nyumba yozira, ndipo tayala limangoyenda mwakachetechete. Koma likangolawa mvula limaterera koopsa ndi kumatirira pakati pa tayala ndi madigadi kufikira njinga itakana kuyenda. Timiyala tating'ono ta pa chitsetse ndito tonyenga kuposa zonse, chifukwa timagubuduzika pansi pa tayala, ndipo munthu akagwira buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi amapezeka ali chafufumimba. Pamenepo gwirani ya kumbuyo, pang'onopang'ono, musanafike pokhota. Mchenga wa m'makwawa ufuna kuti musaleke kupalasa ndiponso musapotoze zigwiriro. Za makande a m'dambo sindinena zambiri: nthawi ya dzinja tsikani, vulani nsapato, nyamulani njingayo pa phewa.

Nanga njinga yake ikhale yotani? Achinyamata ena masiku ano ali ndi njinga za magiya zogula pa kaunjika, ndipo nzoona kuti pa chikweza zimawapeputsira ntchito. Komabe njinga yathu yakuda ija, ya giya imodzi, imene akuluakulu ankaitchula ndi maina a Humber ndi Raleigh, yakhala ikukwera mapiri amenewa zaka zambirimbiri itasenza fodya, mtedza, mbatata ya kachewere, ngakhale odwala opita ku chipatala. Ubwino wake ndi wakuti pa msika uliwonse mupeza munthu pansi pa mtengo wodziwa kuikonza. Kutsika ndi kukankha njinga pa chitunda si chamanyazi ai. Ine ndimati ndiyo nthawi yopenya dziko ndi kulonjera anthu. Chofunika kuposa magiya ndi mabuleki, pakuti mapiri ano sapweteka wokwera koma wotsika. Musanyamuke opanda mpope, zigamba ndi guluu wake, sipanala, ndi botolo la madzi, chifukwa minga siisowa m'njira zodutsa m'minda.

Kusowa kwa magalimoto sikutanthauza kuti njirayo ilibe malamulo. Eni ake ndi oyenda pansi: mai wosenza mtsuko amene sangathe kucheuka msanga, agogo a ndodo, ana othamangitsana, ngolo ya ng'ombe, ndi mbuzi zimene sizidziwa belu. Lizani belu mukali patali, nenani "zikomo" podutsa, ndipo pa bwalo la mudzi chepetsani liwiro. Mukaona masamba aikidwa pa njira, dziwani kuti pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, yendani pansi kufikira mutapitirira masamba a mbali inayo. Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, makamaka nyengo ya chilimwe anthu atakolola, kotero mukakumana ndi zilombo m'njira patukani mwaulemu, ndipo musalowe m'tinjira tolunjika ku manda ngati simuli ndi mwini mudzi. Wa pa galimoto sadziwa zonsezi, chifukwa iye amangoona fumbi lake lomwe.

Kulowera kumpoto, m'boma la Ntchisi, limene kale linkadziwika ndi dzina lakuti Visanza, mapiri amathinana ndipo mphepo imazizirirako. Njira imakwera ndi kutsika pakati pa minda ya soya ndi mitengo ya masuku yotsala apa ndi apo, mpaka kufika ku Chinthembwe, malo ena akale a misyoni, m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Pamenepa mpamene ulendo wonse umalipira thukuta lake. Pamwamba pa phirilo pali nkhalango yobiriwira chaka chonse, ya mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere ndi zilambe zolendewera, mmene dzuwa la masana limalowa mwa apo ndi apo. Muli anchima olumpha m'nthambi, anyani, nguluwe, agulugufe ndi mbalame zimene ku chigwa sitiziona. Akuluakulu amasimba kuti m'masiku a nkhondo za Angoni, Achewa ankathawira m'menemo nabisala, ndipo chifukwa cha ichi anthu anailemekeza nkhalangoyo osaitentha kapena kuilima. M'mphepete mwake muli nyumba yakale imene inamangidwa m'chaka cha 1914 kuti bwanamkubwa wa boma azikapumulirako, ndipo pambuyo pake inasanduka nyumba ya alendo. Mukaima chapafupi pamenepo m'mawa kunja kutayera, mumaona dziko likutsetsereka mpaka ku Nkhotakota, nyanja ili ngwee ngati lata latsopano, ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya kwake.

Langizo langa ndi lakuti njinga muisiye kunja kwa nkhalango yowirirayo. Tinjira ta mkatimo ndi totsetsereka, todzala mizu ndi chinyezi, ndipo tayala likhoza kukumba nthaka imene yasungika kuyambira kale. Pemphani munthu wa m'midzi yoyandikana akutsogolereni pansi. Njinga ili ndi malo ake okwanira m'misewu ya fumbi yozungulira phirilo, pakati pa mitengo ya mombo imene imaphuka masamba ofiira m'mwezi wa September.

Koma pali chimene chindidetsa nkhawa, abale. Njira zimenezi zikutha tikuona. Pamene mitengo ya m'zitunda yadulidwa chifukwa cha makala ndi zigafa za fodya, madzi a mvula satsikanso pang'onopang'ono. Amathamangira m'njira momwemo, pakuti ndimo mosavuta, ndipo dzinja limodzi lokha likwanira kusandutsa njira yabwino kukhala chigwembe chakuya mpaka m'chiuno. Kwina alimi akulima mizere mpaka kudya njira, kotero kuti anthu awiri sangapatukirane. Ndiponso njinga zamoto za kabaza, zimene zatithandiza kwambiri pofulumiza odwala, zalowa m'tinjira ta ana a sukulu ndi liwiro la pa phula. Njira ya kumudzi ikafa, mwana amene ankafika ku sukulu modutsa m'minda amakakamizidwa kuzungulira ku msewu wa magalimoto uja tinauthawa.

Kale mvula ikatha a nyakwawa ankamema mudzi wonse kukalambula njira, ndipo mwamuna aliyense ankatuluka ndi khasu lake. Midzi imene isungabe mwambowu imadziwika ndi tayala, munthu asanafunse n'komwe dzina la mfumu. Ntchito yake si yaikulu: kudula timigula topatutsira madzi kumbali pa chitsetse chilichonse, kutseka chigwembe ndi miyala chikali chaching'ono, ndi kubzala udzu wa vetiva kapena nsenjere m'mphepete. Kulambula kuyenera mwezi wa May, nthaka isanaumitsitse, koma timigulato tikonzedwenso mu October mvula yoyamba isanagwe.

Amene mufuna kuyesa ulendowu sankhani miyezi ya May kufikira August, pamene matope atha ndipo dzuwa silinayambe kuwawa. Musaupanikize pa tsiku limodzi. Gonani kwa abale cha ku Dowa, ndipo mawa lake mulawire tambala woyamba, mutavala chofunda, chifukwa chisanu cha m'mapiri amenewa mu June chimaumitsa zala pa zigwiriro.