Chithunzi chowala ndi manja amene anachikonza

Pa makhadi ambiri a Visa pamakhala kanjiwa konyezimira kamene kamasintha mtundu mukapendeketsa khadilo. Ambirife hologram tinaidziwira pamenepo. Kanjiwako amachita kudinda pa kapulasitiki kopyapyala, koma pali mtundu wina wa hologram umene kuwala kumalemba mkati mwenimweni mwa chinthu, ngati momwe inki imalowera m'nsalu. Funso limene landigwira mtima masiku ano ndi lakuti chinthu cholembedwacho ndi chopangidwa ndi chiyani, nanga amachigwira ndani chisanaume.

Ine ndimaphunzira za chikhalidwe cha anthu ndi mbiri, osati sayansi. M'kalasi mwathu chithunzi timachifunsa tanthauzo lake, amene anachijambula, ndi amene anasiyidwa kunja kwa chithunzicho. Za mankhwala ake sitifunsa kawirikawiri. Chikhalirecho mbiri ya kujambula ndi mbiri ya poizoni. Njira ya Louis Daguerre imene inalengezedwa ku Paris mu 1839 inkafuna nthunzi ya mercury kuti chithunzi chioneke, ndipo ojambula ankapuma nthunziyo m'zipinda zotseka. Amene anabwera pambuyo pake ankatsuka magalasi awo ndi potassium cyanide. Nkhope za m'zithunzizo timazisirira mpaka lero, koma mapapo a wojambula sawerengedwa.

Hologram inayamba ndi Dennis Gabor mu 1947, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1971. Nzeru yake inadikira laser, yomwe inatulukira mu 1960. Mtundu wake wosavuta kwambiri umatchedwa grating. Amatenga kuwala kwa laser n'kukugawa pawiri, kenako n'kukumanitsa mbali ziwirizo pa kansalu kopyapyala ka mankhwala komwe kapakidwa pa galasi. Pokumanapo pamabadwa timizere towala ndi timizere takuda motsatizana, mwina 1,000 pa milimita imodzi. Mu kansaluko muli utoto womva kuwala ndi timamolekyu ting'onoting'ono toyenda patokha. Pomwe pagwa kuwala, utoto umayambitsa kuti timamolekyuto tigwirane n'kupanga maunyolo ataliatali, omwe ndi polymer. Tina tochokera m'malo amdima timasendera kukadzaza malo otsala. Mapeto ake kansaluko kamakhala kothinana pena, kotakasuka pena, ndipo kuwala kukadutsa kumapatuka motsatira timizere tija. Safunika kukatsuka m'madzi amankhwala ngati filimu yakale. Kamadzilemba kokha. Zimenezi n'zimene zimachititsa kuti anthu azikonda njirayi popanga zizindikiro zoletsa zinthu zachinyengo, tizipangizo toyezera chinyezi, ndi magalasi osonkhanitsa kuwala kwa dzuwa.

Vuto lili pa timamolekyu toyendato. Kwa zaka zambiri, ma labotale ambiri akhala akugwiritsa ntchito acrylamide, ufa woyera wosungunuka msanga m'madzi. Ufawu umaononga mitsempha, umalowa ngakhale kudzera pakhungu, ndipo mu 1994 bungwe la IARC linauika m'gulu la zinthu zimene mwachionekere zingayambitse khansa mwa anthu. Anthu a ku Sweden anaulawa ukali wake mu 1997, pokumba ngalande ya sitima m'phiri la Hallandsås. Mankhwala omatira ming'alu otchedwa Rhoca-Gil anali ndi acrylamide. Analowa m'mitsinje, nsomba zinafa, ng'ombe zinapuwala, ndipo ena mwa ogwira ntchito anapezeka ndi zizindikiro za kuonongeka kwa mitsempha. Kafukufuku wotsatira nkhani imeneyi ndi amene anathandiza kuti mu 2002 zidziwike kuti acrylamide amapangikanso pang'ono m'zakudya zokazinga ngati tchipisi. Inde, ngakhale cha pachiwaya chomwe timathamangira kalasi ikatha, ngakhale kuti kuchuluka kwake sikufanana ndi ufa wa m'botolo.

Asayansi ena anaganiza zoleka kukangana ndi ufawu n'kufuna wina. Ku Dublin Institute of Technology, gulu lomwe munali Izabela Naydenova ndi Dervil Cody linayesa diacetone acrylamide, yemwe ndi m'bale wake koma wopanda ukali wofanana. Ku yunivesite ya Alicante ku Spain anapanga chosakaniza chomwe anachitcha Biophotopol. M'malo mwa acrylamide anaikamo sodium acrylate, ndipo utoto womva kuwala anautenga ku riboflavin, yemwe ndi vitamini B2. Vitamini wa m'mkaka ndi m'mazira akulemba timizere ta kuwala pa galasi! Pamenepa ndinaseka ndekha.

Ndikudziwa zimene wasayansi angandiyankhe, ndipo sizopanda pake. Acrylamide amagwira ntchito bwino: amamva kuwala msanga ndipo timizere take timatuluka tolimba, pomwe olowa m'malo mwake amafuna kuwanyengerera ndi kusinthasintha muyezo kuti afikepo. Akasanduka polymer, ukali wake umatsika kwambiri. Ndiye bwanji osangovala magolovesi, n'kuyezera ufawo pansi pa makina okoka mpweya?

Yankho limeneli limaganiza kuti labotale iliyonse ili ndi makina okoka mpweya amene akugwira ntchito, magetsi osathima, ndi kampani yodzatenga zinyalala zamankhwala. Limaganizanso kuti woyezayo sanatope. Koma amene amayeza ufa si pulofesa amene dzina lake limakhala pa pepala lofalitsidwa. Kawirikawiri ndi wophunzira wa msinkhu wanga, kapena wothandizira mu labotale amene adzatsukenso mabotolo madzulo. Komanso kuwala sikumaliza timamolekyu tonse. M'malo amdima mumatha kutsala tina tosagwirana. Mankhwalawo akachoka pa galasi limodzi la mu labotale n'kuyamba kupakidwa pa mipukutu m'fakitale, manja owagwira amachuluka, madzi otsukira nawonso amachuluka, ndipo madziwo amapita kwinakwake.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kutaya pang'ono kuwala kwa hologram kuti ufa woopsa uchoke pa tebulo si kubwerera m'mbuyo. Ndi chisankho cha amene azisenza mtolo wa chinthu chokongolacho, ndipo chisankho chotere sichiyenera kusiyidwa kwa owerenga manambala a kuwala okha.

Komabe mawu akuti "poizoni wochepa" ndimawamva ndi khutu lokayikira, poti amalonda amawakonda kwambiri. Wochepa poyerekeza ndi chiyani? Kuchotsa acrylamide sikusandutsa botololo thobwa. Mumakhalabe mankhwala ena monga triethanolamine, ndipo laser imaotchabe diso. Ndikamawerenga malipoti a kafukufukuyu ndimapeza matebulo osonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwapatuka ndi kukhuthala kwa kansalu. Ndikanakonda pambali pake patakhala mzere wina wonena kuti madzi otsukira mabotolo anathiridwa kuti.