Tivala chiyani pamaso pa majaji?

Mpikisano wa bizinesi wa ophunzira ukayandikira, pamabwera funso losowetsa tulo kuposa masamu a phindu: tivala chiyani? Ena amaliona ngati laling'ono, koma kwa wophunzira amene ndalama yake yonse imathera ku lendi, chakudya ndi bandulo, nkhani ya suti si yocheza ayi.

Mipikisano imeneyi ili ndi phindu lenileni. Hult Prize, mwachitsanzo, imayambira m'mayunivesite, ndipo gulu lopambana pa dziko lonse limalandira madola 1 miliyoni a ku America oti liyambire bizinesi. Ngakhale mpikisano utakhala wa pasukulu pomwepo, majaji kawirikawiri amachokera kumabanki ndi kumakampani, anthu oti mawa lino angakulembe ntchito. Amakupatsa mphindi zochepa, ndipo usanatsegule pakamwa amakhala atakuona kale kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Gulu lathu lidali la anthu anayi, anyamata awiri ndi atsikana awiri, ndipo bizinesi yathu idali yopanga makala kuchokera ku zitsononkho ndi makoko a mtedza. Pa mtengo wa thumba tidagwirizana msanga, koma pa zovala mkangano udafika pakati pa usiku.

"Aise, Mark Zuckerberg amangovala tisheti, Steve Jobs ankavala jinzi. Ife tivutikiranji?" adatero mnyamata mnzanga.

Ndidamuyankha kuti anthu amenewo mayina awo amalowa m'chipinda eni ake asanafike, pomwe ife palibe amene amatidziwa. Komanso Zuckerberg yemweyo, ataitanidwa kukayankha mafunso ku Congress mu 2018, adavala suti ndi tayi. Munthu amavala molingana ndi komwe akupita.

Mtsikana wina m'gulumo ankafuna tonse tigule masuti atsopano ofanana. Apa ndidakana. Mayi anga amagulitsa tomato, ndipo sindikadawaimbira foni kupempha ndalama ya mpamba wawo wonse chifukwa cha chovala cha tsiku limodzi. Kodi majaji akadamva kuti talowa m'ngongole tisanagulitse ngakhale thumba limodzi la makala, akadatikhulupirira ndi ndalama zawo?

Tidathera pa kaunjika. Kumeneko m'pomwe ndidaphunzira zomwe palibe mphunzitsi adatiuzapo m'kalasi. Jekete imasankhidwa poyang'ana mapewa, chifukwa telala angachepetse mikono kapena m'chiuno mosavuta, koma mapewa akakula yakula basi. Ukaiyesa, kweza mikono ngati ukuloza pa sikirini; ikakoka kumsana, isiye. Ya buluu wakuda kapena yotuwa imalowa paliponse. Atelala athu adatisokera timizere ta chitenje chimodzi: anyamata pa thumba la jekete, atsikana pa kolala. Tidaoneka gulu limodzi popanda kufanana ngati kwaya.

Chitenjecho sitidachiike mwangozi. Kuyambira pomwe boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, kuvala zachitenje Lachisanu kudafala m'maofesi, moti palibe jaji amene angadabwe nazo. Ndipo ngati ukugulitsa chinthu chopangidwa kuno, si bwino kuti thupi lako lonse lizinena za kunja.

Atsikana adali ndi nkhondo yawoyawo. Mmodzi adasankha thalauza, koma agogo ake atamva adati: "Iwe mwana, pamaso pa akuluakulu ukavale buluku?" Agogowo sadalakwe kudabwa. Adakula nthawi ya lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi aafupi mpaka pomwe ndale za zipani zambiri zinkabwera. Mnzathuyo adawafotokozera mwaulemu kuti m'thalauza amayenda momasuka, sakhala akukoka siketi akakhala pampando. Adasiyanso nsapato za gogoda n'kuvala zafulati, popeza timayenera kunyamula mbaula ndi matumba kukwera nazo pansanja.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono, koma ndi zomwe zimagwetsa anthu. Sitani zovala dzulo lake, magetsi sadziwa kuti muli ndi mpikisano. Jekete muinyamule m'chikwama, muivale mukatsika minibasi. Kansalu kopukutira nsapato kakhale m'thumba, makamaka ngati mwakwera kabaza. Mafuta onunkhira achepe, ndipo chovalacho muchiyese poyeserera zokamba zanu, osati kuchivala koyamba m'mawa wa tsikulo.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tidaona magulu otchena kwambiri akusowa chonena atafunsidwa kuti kasitomala wawo woyamba ndi ndani. Ife majaji adatipanikiza pa mtengo wa thumba, pa utsi, ndi pa momwe tidzapikisanirane ndi makala a mitengo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adatchulapo za majekete athu, ndipo ine ndidaona kuti pamenepo zovala zagwira ntchito yake: zidachoka m'maso mwa majaji n'kusiya malo oti bizinesi imveke.

Tidakhala achiwiri. Jekete ija yapita kale ku maintavyu atatu, ndipo mwezi wamawa mng'ono wanga aibwereka. Ndamuuza kuti akaibweze yochapa.