Za Masewera a Kugwetsana, ndi Mkono wa Mwana wa Mnansi Wanga

Mwezi uno mundilole ndisiye pang'ono nkhani za maukwati ndi maubatizo, kuti ndikambe chinthu chimene ena a inu mudzati nchachibwana, chosayenera mphunzitsi wa katekisimu amene imvi zayamba kum'mera. Ndinena za masewera a kugwetsana a ku America, amene anyamata athu awatcha resiling'i, nawaonera m'nyumba za kanema pa msika ndi pa mafoni a m'manja. Sindikadalemba za iwo chikadapanda chimene chidagwa pa mudzi pathu, ndipo mlandu wake sindiuika pa munthu wina koma pa ine mwini.

Tsiku lina Loweruka, titatha maphunziro a ana okonzekera kulandira Ukaristia koyamba, ndidalowa m'tchalitchi kukakonza mabuku a m'mawa mwake. Ndili m'katimo ndidamva mfuu yoopsa. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli chulu chachitali. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 adagoneka mnzake pansi, nakwera pamwamba pa chulucho, nalumpha chigongono chili patsogolo monga adaonera pa kanema. Mnzakeyo adatchinga ndi dzanja, ndipo fupa la mkono lidathyoka. Tidam'tengera ku chipatala pa njinga, iye alikulira njira yonse. Amayi ake, amene ali mkazi wamasiye, sadandikalipire, adangofunsa ndi mawu ofatsa kuti: "Aphunzitsi, kodi mwana wanuyu masewera otere adawaphunzira kuti?" Ndidagwetsa nkhope pansi, pakuti yankho ndidalidziwa: adawaphunzira pa foni yanga, atatsamira pa phewa langa.

Pakuti inenso ndidawakonda masewerawa kuyambira ubwana wanga. Ndisanapite ku seminale, pamene m'dziko muno mudalibe wailesi ya kanema, munthu wina pa msika adali ndi vidiyo ndi injini ya magetsi, ndipo ife tinkagulitsa mtedza wokazinga kuti tipeze matambala a pakhomo. M'chinyumba chamdimacho ndidaona mpikisano umene udachitika m'chaka cha 1987 ku Pontiac, m'chigawo cha Michigan, pakati pa Hulk Hogan ndi chimphona cha ku France, André the Giant. Eni masewera adalengeza kuti m'bwalomo mudali anthu 93,173, ngakhale ena ofufuza anena kuti adali ocheperapo. Pamene Hogan adanyamula chimphonacho, cholemera koposa makilogalamu 200, nachigwetsa chagada, tonse tidaimirira ndi kufuula mpaka mwini nyumba adatiopseza ndi ndodo. Ndidabwerera kwathu usiku uja ndili wotsimikiza mumtima kuti ndaona ndi maso anga wabwino akugonjetsa woipa.

Kufikira lero, itatha Misa ya Lamulungu, amuna ndi anyamata atsutsana za masewerawa pansi pa mtengo wa mango. Ena ati nkhondo yake njeniyeni, pakuti adaona magazi. Ena ati zonse nzabodza, zoyenera ana ndi zitsiru. Ndipo alipo enanso onena monong'ona kuti uja amutcha Undertaker, wovala zakuda, wodzuka atagwetsedwa ngati wakufa, adakhwimira mankhwala. Mwana uja ali chigonere ndi mkono womangidwa, ndidadziuza kuti ndiyenera kufufuza bwino nkhaniyi, ndipo zimene ndidapeza ndizo ndikupatsani pano.

Kale ndithu kugwetsana kudali kuyesana mphamvu kwa amuna awiri. M'chaka cha 1908 ku Chicago, Frank Gotch wa ku America adalimbana ndi George Hackenschmidt wochokera ku Ulaya kwa maola awiri, nthawi yambiri atangogwirana chiimire, wina osatha kugwetsa mnzake. Kulimbana koona nkochedwa chotero, ndipo munthu amene walipira ndalama pakhomo safuna kuona amuna awiri alikukankhana ngati ng'ombe kufikira tulo. Tsono m'zaka za m'ma 1920 amuna atatu, Ed Lewis, Billy Sandow ndi Toots Mondt, adakhazika malondawa pa njira yatsopano: adaika malire a nthawi, nawonjeza magwetsedwe okondweretsa maso, nayamba kupangiranatu amene adzapambana, kuti mpikisano wa lero ukope anthu kubweranso sabata ya mawa. M'chaka cha 1948 eni masewera a m'zigawo zosiyana adapanga bungwe la National Wrestling Alliance, nagawana dziko monga mafumu agawana minda. Ndipo wovala lamba wa ungwazi ankasankhidwa ndi eni masewerawo pa msonkhano wawo, asanalowe n'komwe m'bwalo la zingwe.

M'chaka cha 1982 Vince McMahon adagula kampani ya atate ake, imene lero itchedwa WWE, naphwanya malire aja, nakopa ngwazi za anzake ndi ndalama, ndipo m'chaka cha 1985 adayambitsa ku New York chikondwerero cha chaka ndi chaka chotchedwa WrestleMania. Tsono taonani chodabwitsa: m'chaka cha 1989 kampani yakeyo idavomera pamaso pa opanga malamulo a chigawo cha New Jersey kuti ntchito yake ndi sewero losangalatsa anthu, si mpikisano woyesana mphamvu ayi. Adaulula chinsinsi chimene akulu awo adabisa zaka zambiri, ndipo chowaululitsa chidali kufuna kumasuka ku misonkho ndi ku malamulo a oyang'anira masewera. Momwemo mlandu wa pansi pa mango udaweruzidwa kale ndi eni ake. Ndipo inu oopa mankhwala, khazikani mitima pansi: Undertaker ndi munthu wa ku Texas, dzina lake Mark Calaway. Adapambana pa WrestleMania kokwana 21 osagonja chifukwa eni masewera adafuna chomwecho, nagonja kwa Brock Lesnar m'chaka cha 2014 chifukwa eni omwewo adasintha maganizo.

Koma onena kuti zonse nzabodza asafulumire kuseka, pakuti iwonso aona mbali imodzi yokha. Wopambana apangiranatu, indedi. Koma palibe munthu apangana ndi msana wake kuti usamve kuwawa. André uja ndidam'da ndili mwana adali wodwala nthenda yokulitsa thupi kosalekeza, ndipo usiku wa ku Pontiac msana wake udali utawonongeka kale. Hogan sakadatha kum'nyamula iye akadakana. Chimphonacho chidalola chokha kugwetsedwa, kuti mnzake wamng'ono akwezeke. Adamwalira ku Paris m'chaka cha 1993 ali ndi zaka 46. Hogan yemwe adavomera m'bwalo la milandu m'chaka cha 1994 kuti adagwiritsa ntchito mankhwala okulitsa minofu zaka zambiri. Madokotala adam'ng'amba msana, mawondo ndi chiuno kambirimbiri, namwalira m'chaka cha 2025 ali ndi zaka 71. Eddie Guerrero, wokondedwa ndi ambiri, adam'peza atafa ndi nthenda ya mtima m'chipinda cha alendo m'chaka cha 2005, ali ndi zaka 38 zokha.

Nkhani yondikhudza koposa ndiyo ya banja la Hart la ku Canada. M'chaka cha 1997 ku Montreal, Bret Hart, amene adali pafupi kupita ku kampani ina, adalowa m'bwalo atapangana ndi bwana wake mathero ena. Koma bwanayo adalamula kuti belu lilire, nam'landa lamba asanagonje. Okonda masewera atsutsanabe kufikira lero kuti wolakwa ndani. Patapita zaka ziwiri, pa 23 Meyi 1999 ku Kansas City, mng'ono wake Owen Hart adati atsike kuchokera kudenga pa chingwe kuti anthu aseke. Chomangira chidamasuka, ndipo adagwa mamita 24, nafa ali ndi zaka 34, nasiya mkazi ndi ana awiri. Atam'chotsa m'bwalomo, masewera adapitirira usiku womwewo kufikira kumapeto. Akulu adanenetsa kuti chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ndalama zake? M'chaka cha 2023, pamene WWE idaphatikizidwa ndi kampani ina ya masewera omenyana, mtengo wake udawerengedwa madola mabiliyoni 9.3, ndipo a Netflix adapangana kulipira madola mabiliyoni 5 pa zaka khumi kuyambira m'chaka cha 2025, kuti aonetse masewera ake. Koma ogwetsanawo salembedwa ngati antchito enieni ayi. Alembedwa ngati aganyu, ndipo alibe bungwe lowayankhulira. Inu amene mudalimapo ganyu m'munda wa mwini chuma mudziwa tanthauzo lake. Kunena chilungamo, kuyambira m'chaka cha 2006 kampaniyo idayamba kuyeza anthu ake za mankhwala ndi za mtima. Koma idatero maliro atachuluka kale.

Kodi tsono kuonera masewerawa nkuchimwa? Ine sindinena chomwecho. Pa Khirisimasi ana athu achita sewero la kubadwa kwa Ambuye, ndipo palibe anena kuti mnyamata wovala ngati Herode ndi wabodza kapena wakupha ana. Sewero lodziwika kuti ndi sewero silinyenga munthu. Choopsa chili pa mwana amene sadauzidwe. Pakuti chimene ndidachizindikira mochedwa ndi ichi: m'bwalo la zingwe lija, chidani chimene tichiona ndicho chabodza, koma chisamaliro chimene sitichiona ndicho choona. Amuna awiri otukwanizana pamaso pa anthu adaphunzira zaka zambiri kugwa kosathyoka khosi. Wonyamula mnzake amuteteza mutu pom'gwetsa. Wolumpha kuchokera pamwamba agwetsa thupi lake pambali kuti chigongono chingokhudza. Ndipo anong'onezana m'khutu chimene adzachita pambuyo pake. Aliyense aika moyo wake m'manja mwa uja aoneka ngati mdani wake. Ngakhale ali ndi luso lonselo, ena apunduka ndithu. Mwana wanga adatengera chidanicho, chifukwa ndicho chidaonekera. Chisamalirocho sadachidziwe, chifukwa ine atate wake ndidafuula naye pamodzi osam'fotokozera kanthu.

Ndipo kuti musaganize kuti m'masewerawa mulibe munthu wa Mulungu, imvani za wansembe wa ku Mexico, Bambo Sergio Gutiérrez Benítez, wobadwa m'chaka cha 1945. Iye adasonkhanitsa ana amasiye ndi otayika ku Texcoco, ndipo posowa chowadyetsa adaphimba nkhope yake ndi nsalu yofiira ndi yachikasu, monga achita ogwetsana a kumeneko, nadzitcha Fray Tormenta, nalimbana m'mabwalo zaka zoposa 20, anthu poyamba osadziwa kuti ndi wansembe. Mabala ake adali ofanana ndi a anzake onse, koma ndalama za mabalawo zidagula chakudya ndi mabuku a ana opanda atate. Thupi ili tidapatsidwa ndi Mulungu lidzatha ndithu, kaya pa khasu, kaya m'bwalo la zingwe. Chimene tidzafunsidwa ndicho kuti tidalithera yani.

Mnansi wanga uja atabwera ndi mwana wake kuchokera ku chipatala, ndidapita kukapepesa, ndipo ndalama zonse za ulendo ndi za mankhwala ndidabweza ine. Mwana wanga sindidam'kwapule, pakuti chikwapu chikadayenera kuyamba ndi msana wanga. Ndidakhala naye pa khonde, ndidam'onetsanso masewera omwewo pang'onopang'ono, ndi kum'lozera dzanja lobisika pansi pa khosi la wogwetsedwa. Adayang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti: "Atate, ndiye kuti aja ndi abwenzi?" Ndidati: "Mwanawe, akadapanda kusamalana, sakadafika kunyumba amoyo." Kuyambira m'mawa mwake iye ndiye adatunga madzi ndi kutola nkhuni za pa khomo la amayi aja, nanyamulira mnzake mabuku a ku sukulu, kufikira mkono udapola.

Atate ndi amayi, kuletsa kokha sikudzathandiza, pakuti chimene muletsa pa khomo adzachiona pa msika. Khalani nawo pansi ana anu, muwauze kuti wopambana apangiranatu, kuti ngwazi zija zidaphunzira kugwa zisanaphunzire kugwetsa, ndi kuti ambiri a iwo adafa asanaone adzukulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chulu chonga chathu chilipo pa mudzi uliwonse. Ndipo pa pemphero la madzulo, pokumbukira mizimu ya akufa, musaiwale amuna aja a kutali amene adathyola matupi awo kuti ife tikondwere.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye, ndipo Amayi Maria asunge ana athu onse.

Ndine mtumiki wanu,
Mphunzitsi wa Katekisimu