Mlendo wa ku China pa Lilongwe

Ndifuna kukusimbirani za mlendo amene ndinamlandira m'mwezi wa June, ndi za manyazi amene anandigwira chifukwa cha iye.

Tsiku lina Bambo Mfumu anandiitana, nati: "Aphunzitsi, mawa mupite ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, mukachingamire munthu wa ku China." Ine ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndinati: anthu awa tiwadziwa m'masitolo ndi pa ntchito za misewu, adzera malonda basi, nanga ine ndidzakamba naye chiyani?

M'ndegemo munatuluka munthu wa imvi, wolema ndi ulendo, pakuti anachokera ku mzinda wa Guangzhou, nasintha ndege ku Addis Ababa. Tinamvana m'Chingerezi chothyokathyoka. Anandiuza kuti potsazikana ndi abale ake panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la Lilongwe.

M'galimoto anakhala chete, nayang'ana mapesi m'minda, amayi osenza nkhuni, ndi anyamata okankha njinga za makala. Titayenda makilomita oposa 20 anafunsa kuti: "Kodi mumzinda tifika liti?" Ndinayankha ndi mawu apansi: "Tafika kale." Apo manyazi anandigwira, popeza mzinda wa kwawo wokha uli ndi anthu oposa 18 miliyoni. Ndinayamba kupepesa, ndi kunena kuti likulu lathu likali mwana, linangosamuka ku Zomba m'chaka cha 1975. Koma iye anandiletsa ndi dzanja. Anati sanaonepo likulu la dziko lokhala ndi mitengo yambiri kuposa nyumba, ndiponso nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, yosiyidwa pakati penipeni pa mzinda, inamdabwitsa ndithu.

Pofuna kumkondweretsa ndinamuonetsa Nyumba ya Malamulo, imene anaimanga anthu a kwawo, natsegulidwa m'chaka cha 2010. Iye anangogwedeza mutu. Kenaka anapisa m'thumba, natulutsa kolona wakale wotha mikanda, nafunsa: "Kodi Misa ya m'mawa iyamba nthawi yanji?"

Abale, apo ndi pamene manyazi enieni anandigwira. Munthu amene ndinamuyesa wamalonda wachabe anali mbale wanga wa ubatizo umodzi. M'mawa mwake ku Maula anagwada, nachita chizindikiro cha mtanda monga ife. Chichewa sanamve ndi liwu limodzi lomwe, koma anadziwa poimirira ndi pogwada, ndipo pa nyimbo ndi ng'oma misozi inalengeza m'maso mwake. Potuluka anandisimbira za tchalitchi cha kwawo cha Mtima Woyera, chomangidwa ndi miyala yokhayokha, chimene chinatha m'chaka cha 1888. Ndiponso za wansembe Matteo Ricci, amene anakhazikika ku Beijing m'chaka cha 1601, zaka 300 misoni ya Nzama isanatsegulidwe kuno kwathu.

Madzulo aliwonse analemba m'kabuku malangizo a anzake odzabwera m'mbuyo mwake, ndipo tsiku lina anandimasulira. Ndiwalemba pano, pakuti ena a iwo adzathandiza ndi inu omwe a kumudzi, tsiku lofika koyamba mu Lilongwe.

Choyamba, usafunse njira usanapereke moni. Iye anaona kuti kuno munthu wofunsa mothamanga amuyankha mwachidule, koma wopereka moni amperekeza kufikira pa khomo.

Chachiwiri, Lilongwe ali ndi mitima iwiri. Ku tauni yakale, kufupi ndi mlatho, ndiko kuli msika waukulu ndi depoti ya mabasi. Maofesi a Boma ali kutali ku Capital Hill. Nambala za maeriya sizitsatana: Eriya 43 ili pambali pa Eriya 10. Chotero uuze kondakitala chinthu chodziwika cha pafupi ndi kumene upita, monga tchalitchi kapena msika.

Chachitatu, ugwirizane mtengo usanakwere takisi kapena kabaza, ndipo ukhale ndi makwacha ang'onoang'ono. Izi anaziphunzira ndi chisoni, atalipira kawiri ulendo waufupi tsiku limene anayenda yekha.

Chachinayi, galimoto za kuno ziyenda kumanzere, pamene ku China ziyenda kumanja. Powoloka msewu uyambe wayang'ana kumanja. Wotchi uibweze maola 6. Usasiye juzi poganiza kuti Afrika yense ndi wotentha, pakuti mzindawu uli pamtunda woposa mamita 1,000 ndipo June ndi July azizira. Ugone m'masikito, ndipo ufike kunyumba dzuwa lisanalowe.

Chotsiriza anachiwerenga akuseka: nsima uidye ndi manja utasamba, koma uyambire m'mphepete mwa mtanda, chifukwa pakati pawotcha.

Chinthu chimodzi sanachilembe, koma ine ndinachiona. Tikuyenda m'njira, ana anamthamangira akufuula ndi kuyerekeza chilankhulo chake monyoza, akulu ali pomwepo akuseka. Iye anangomwetulira. Ine ndinalephera kuwadzudzula mwamphamvu, podziwa kuti dzulo lake lomwe mtima wanga unali ngati wawo. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma zimene aona apita nazo kwawo.

Tsono inu abambo ndi amayi, phunzitsani ana anu kulonjera mlendo wa mtundu uliwonse mwaulemu. Ndipo pa 24 May, tsiku limene Papa Benedikito XVI analiika m'chaka cha 2007 kuti tizipempherera Eklezia wa ku China, musonkhanitse banja madzulo, munene kolona mmodzi. Mbale wathu uja anandilonjeza pa bwalo la ndege kuti tsiku lomwelo iyenso adzatchula Lilongwe m'mapemphero ake.