Woyimba Amene Anakana Kumanga Nyumba Pabwinja

Abale anga, lero ndikutengereni kutali, ku Argentina, dziko la ku South America. Kumeneko kunali gulu la anyamata atatu lotchedwa Soda Stereo, lomwe linayamba mu 1982 mumzinda wa Buenos Aires. Linkayimba nyimbo za rock, zija za magitala a magetsi ndi ng'oma zaphokoso, m'Chisipanishi. Ife amene tinaphunzira Chipwitikizi kusukulu timatolako mau ambiri ndithu, poti zilankhulo ziwirizi n'zapachibale ngati Chichewa ndi Chinyungwe.

Woyimba wao wamkulu anali Gustavo Cerati. Pa 20 Sepitembala 1997 atatuwa anatsanzika khamu pabwalo la mpira la River Plate, gulu n'kutha likadali lotchuka. Kuchokera tsiku limenelo anthu sanam'pumitse Cerati ndi funso limodzi lokha: kodi mudzabwererana liti? Iye ankangotulutsa zimbale zake payekha. Cha mu 2002 anachitcha Siempre es hoy, ndiko kunena kuti nthawi zonse ndi lero. Wamakutu anamva.

Mu 2007 anavomera. Atatuwa anayimbanso pamodzi maulendo 22 m'maiko osiyanasiyana, mabwalo akudzaza, koma sanatulutse chimbale cha nyimbo zatsopano. Chaka chitatha aliyense analowera kwake, ndipo mu 2009 Cerati anatulutsa chimbale china chayekha, Fuerza natural. Ine ndimati bamboyu anachita monga timachitira ndi bwinja. Timapitako kukathyola mango m'mitengo imene anabzala agogo, timaimirira pang'ono pamene panali nkhokwe, mwina misozi n'kulengeza, koma dzuwa likapendeka timabwerera kumene tikukhala.

Pa wailesi ndimalandira mauthenga ambiri opempha nyimbo zakale, ndipo ndimaziika mosanyinyirika chifukwa nanenso ndimazikonda. Komatu ndaona kuti wopemphayo kawirikawiri safuna nyimboyo yokha ayi. Akufuna chaka chija, pamene amai ake anali moyo, miyendo ikuvina mpaka tambala woyamba. Chimenecho palibe woyimba angam'patse. Tikamam'kakamiza woyimba kuti akhale monga analili kale, tikum'pempha kuti asakule pofuna kuti ife tisaone imvi zathu. Pamenepa ine ndili kumbali ya Cerati.

Mu Meyi 2010, atangomaliza kuyimba ku Caracas, ku Venezuela, anadwala sitiroko. Anagona chikomokere zaka 4 mpaka anamwalira pa 4 Sepitembala 2014, ali ndi zaka 55. Mu 2020 anzake awiri aja, Zeta Bosio ndi Charly Alberti, anayendanso m'mabwalo ndi nyimbo zakale zomwe zija, alendo akuyimba zina, zina akuyimba Cerati mwini pa kanema wamkulu. Anthu anapita mwaunyinji. Ulendo umenewu mwini mau sanathenso kunena kuti basi, zakwana.