Mondokwa wa Kwathu

Mwezi wa Malichi ukafika, fungo la mondokwa wootcha limadzaza misewu ya ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo. Amayi amakhala m'mbali mwa njira akukupiza makala pa mbaula, ndipo chimanga chilichonse chili ndi mtengo wake. Ambirife tikamva fungolo, mtima umathaŵira kumudzi.

Kumeneko nyengoyi inali yotsazikana ndi njala ya Januwale ndi Febuluwale. M'nkhali munkabwata maungu, ndiwo zake nkhwani wotendera kapena zitheba. Anyamatafe tinkatafuna misinde kobusa, dzuŵa likatentha n'kukadziponya m'dziŵe la kudambo. Akatha kukolola tinkamanga timisasa tamapesi kumasanje, atsikana n'kumaphika chimanga chokunkha m'timiphika tawo. Ndipo mwezi ukaŵala, chitelera pabwalo mpaka tulo.

Komatu, aŵerengi okondedwa, chimene ndimalira si kukoma ayi, pakuti mondokwa wa pamsika wa ku Area 25 ngwotsekemera chimodzimodzi. Kwathu mondokwa sankagulidwa. Wapaulendo akadutsa pamunda, mwini wake ankamuthyolera wokaotcha kutsogolo, osamufunsa n'dzina lomwe. Mbale ya maungu inkayenda khomo ndi khomo, ndipo siinkabwerera yopanda kanthu.

Chikhalireni Lilongwe likulu la dziko mu 1975, m'makomboni muno mwabadwa ana, nawonso abereka ana awo. Tsiku lina, nditapita kukayendera mphakati ku Mgona, ndinafunsa ana ngati amadziŵa masanje. Onse anangoti duu. Kenaka kamtsikana kena, poyesa ndikunena nsanje, kanakweza dzanja mwaulemu nikati: "Abambo, kodi limenelo si tchimo?"